Funsani Tikuyankheni: Thanki ya nsomba yandigwetsa ulesi, kodi ndiigulitse?

FUNSO

Akonzi,

Zaka 6 zapitazo ndinagula thanki yagalasi yowetera nsomba kwa mnzanga amene ankasamukira kunja. M'litali ndi masentimita 120, pamene m'lifupi ndi msinkhu wake ndi masentimita 45. Chaka choyamba banja lonse tinkakhala pabalaza madzulo n'kumaonerera nsomba, moti ana ankalimbirana kuzipatsa chakudya. Lero magalasi anachita ndere, maluwa apulasitiki anasuluka, ndipo mwatsala nsomba zitatu zokha: ziwiri zofiira zija amati goldfish, ndi imodzi yakuda yomamatira pagalasi imene yakula kuposa chikhatho changa. Madzi sindinasinthe kwa miyezi yambiri, ndimangoonjezera akaphwera. Mayi a kunyumba akuti tiichotse kuti paikidwe kabati. Mumtima sindikufuna, koma kunena zoona chidwi chinandithera. Kodi pali njira yoyambiranso, kapena ndingoigulitsa?

Bambo wa ana atatu, Area 25, Lilongwe

YANKHO

Bambo, musaigulitse kaye thankiyo, ndipo mayi muwapemphe kuti akupatseni miyezi iwiri kabati isanalowe pabalaza. Thanki ya muyezo umene mwatchulawu imalowa madzi pafupifupi malita 240, ndipo oweta nsomba ambiri amaisirira yotereyi. Ife sitikuona ulesi mwa inu. Munthu amatopa ndi thanki imene mulibe chochitika, ndipo goldfish ziwiri zozungulira maluwa apulasitiki mukaziona sabata imodzi ndiye kuti mwaziona basi. Mukangopukuta magalasi n'kugula zina za mtundu womwewo, pakutha pa miyezi itatu mudzapezeka kuti mwabwerera pomwe mulipa. Malangizo athu ndi akuti thankiyo muiyale mwatsopano kuti ifanane ndi malo amodzi enieni, ndipo malo amene tikukusankhirani ndi gombe la miyala la nyanja yathu.

Zimatidandaulitsa kuona kuti m'nyumba zambiri za m'tauni muli goldfish, nsomba imene kwawo ndi ku China, pamene anthu a ku Germany, ku Netherlands ndi ku America amalipira ndalama zochuluka kuti apeze nsomba za m'nyanja imene inu mungakafike mutayenda maola awiri okha pagalimoto. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse yozunguliridwa ndi mtunda, ndipo yochuluka mwa mitunduyi sipezeka kwina kulikonse. Nsombazi ndi zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park ikhazikitsidwe ku Cape Maclear mu 1980, komanso kuti bungwe la UNESCO liilembe m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Zimene tikunena ndi mbuna, osati mbuna ija makolo ankakumba pofuna kukola nyama, koma tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene dzina lake linachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay. Zambiri sizipitirira masentimita 10 kapena 12. Ubwino wake suli pa kukongola kokha, koma pa khalidwe. Yamphongo imasankha mphako yake n'kuilondera, imafukula mchenga ndi kukamwa n'kukaulavula pakhomo pa inzake, imasintha mtundu ikakwiya, ndipo imanjenjemera thupi lonse pokopa yaikazi. Mwala umodzi mukausuntha, ufumu wonse wa m'thankimo umayamba kugawidwanso. Zoterezi ndi zimene zidzabwezeretse ana anu pabalaza, ndipo sizitha chaka chimodzi chifukwa nsombazi zimaswana momwemo inu mukuona.

Koma musayambe ndi kugula nsomba. Choyamba ganizirani zitatu zimene zilimozo. Madzi amene akhala miyezi yambiri osasinthidwa amasanduka owawasa ndipo amadzaza zonyansa zosungunuka zimene maso saona, chifukwa chimene chimauluka ndi madzi okha, zonyansazo zimatsalira. Nsomba zanu zinazolowera pang'onopang'ono, moti mukataya madzi onse tsiku limodzi n'kuthiramo atsopano zikhoza kufa usiku womwewo. Muzichotsa malita 25 kapena 30 pa masiku atatu aliwonse kwa masabata awiri, n'kumabwezeramo madzi amene achotsedwa mankhwala a klorini. M'masiku amenewa yang'anani bwino guluu wa m'mphepete mwa magalasi ngati sanayambe kusendeka, ndipo yang'ananinso tebulo kapena chitsulo chimene thankiyo yakhalapo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho mukaonjezera galasi, mchenga ndi miyala, katunduyo aposa makilogalamu 300. Ngati matabwa anafumbwa kapena chitsulo chinachita dzimbiri, konzani zimenezo musanapite patsogolo.

Tsiku loyala thanki likafika, nsombazo muziike m'beseni lalikulu kapena mumgolo wapulasitiki wokhala ndi madzi a m'thanki momwemo, ndipo sefa ya madzi muisamutsire komweko izigwirabe ntchito. Chonde musatsuke masiponji a m'sefa pampopi. Utoto wakuda umene mukuuona ngati litsirowo muli tizilombo tabwino timene timasukulutsa poizoni wochokera m'ndowe za nsomba, ndipo pa zinthu zonse za m'thanki yakaleyo chamtengo wapatali ndi chimenechi. Ingowafinyani pang'ono m'ndowa ya madzi akale. Goldfish sizingakhale pamodzi ndi mbuna chifukwa zimakonda madzi ozizira ndiponso mbuna zingazimwetule zipsepse, ndipo yakuda ija, imene ogulitsa amaitcha pleco, ikhoza kupitirira masentimita 30. Zipezereni munthu wina woti aziwete. Musakazitaye mumtsinje wa Lingadzi kapena m'damu lililonse, pakuti tonse tikudziwa zimene namasupuni wachita mumtsinje wa Shire, chomera chimene chinachokera ku South America ndipo anthu ankachifalitsa poti maluwa ake ndi okongola.

Ntchito yokoma kwambiri ndi ya miyala, ndipo apa musachite phuma. Amene munasambirako ku Otter Point kapena pachilumba cha Thumbi, ku Cape Maclear, mukukumbukira kuti pansi pa madzi pali matanthwe osanjikizana, okutidwa ndi ndere, okhala ndi mipata yosawerengeka. Zimenezo ndi zomwe mukufuna kutsanzira. Miyala ya m'phiri kapena nsangalabwi zikuluzikulu za mumtsinje zimakwanira, bola zisakhale ndi mizere yonyezimira ngati chitsulo kapena madontho a dzimbiri. Mukadontheza viniga pamwala n'kuona thovu, ndiye kuti mwalawo uli ndi laimu. Oweta nsomba za mitundu ina amaukana mwala wotere, koma kwa mbuna ndi wabwino chifukwa umathandiza kuti madzi asawawase. Miyalayo itsukeni ndi burashi ndi madzi otentha popanda sopo, koma musaiphike pamoto chifukwa ina imaphulika.

Poyala, yambani ndi kuika pulasitiki wokhuthala pansi pagalasi, kenako miyala ikuluikulu, ndipo mchenga ubwere pomaliza. Ambiri amalakwitsa pamenepa poyamba ndi mchenga n'kusanja miyala pamwamba pake, kuiwala kuti mbuna zimakumba. Zikafukula pansi pa mwala wa makilogalamu 10, mulu wonse umagumuka n'kuswa galasi, ndipo malita 240 akatayikira pabalaza nkhani ya kabati mudzakhala mutagonja kale. Sanjani milu iwiri yosalingana, waukulu mbali imodzi wofika pafupi ndi pamwamba pa madzi, waung'ono mbali inayo, pakati musiye bwalo la mchenga. Mulu uliwonse muugwedeze ndi dzanja, ukatekeseka muusanjenso. Mphako zichuluke kuposa nsomba, ndipo pakhale miyala yotchinga kuti yamphongo ya kumanzere isamaone ya kumanja nthawi zonse, chifukwa mbuna imathamangitsa chimene ikuchiona. Mchenga ukhale wa mumtsinje wotsukidwa mpaka madzi ayere, wokhuthala masentimita 3 kapena 4. Sitikulimbikitsa kutapa mchenga wonyowa kapena nkhono za kugombe la nyanja, chifukwa nkhono zina za kumeneko zimasunga tizilombo ta likodzo. Maluwa apulasitiki aja atayeni. Ngati mukufuna chobiriwira, udzu wa m'madzi wotchedwa Vallisneria umamera ndithu m'nyanja yathu, ngakhale kuti mbuna zimauzula kawirikawiri. Kuseri kwa thanki matani pepala lakuda kapena labuluu, mudzaona mmene mitundu ya nsomba idzawalire.

Madzi a m'nyanja ya Malawi ndi ofunda, apakati pa madigiri 24 ndi 28, ndipo muyezo wake wa pH, wosonyeza kuwawasa kwa madzi (nambala ikamatsika ndiye kuti madzi akuwawasa), umakhala pafupi ndi 8. Ku Lilongwe usiku wa mu Juni ndi Julaye umazizira kwambiri, choncho mufunika hita ya mawati 200 ndi kachipangizo koyezera kutentha. Mukayeza madzi anu n'kupeza kuti pH ili pansi pa 7.5, ikani kathumba ka zigoba zophwanya kapena timiyala ta laimu m'sefa.

Tsopano nsomba zake. Mitundu iwiri ndi yokwanira, ndipo yonse pamodzi zisapitirire 15 kapena 16. Kwa munthu woyamba kumene, palibe yoposa Labidochromis caeruleus, yachikasu chowala yokhala ndi mzere wakuda pachipsepse cha pamsana. Geoffrey Fryer, wasayansi amene anafufuza mbuna ku Nkhata Bay, ndi amene anaipatsa dzinali mu 1956, ndipo mtundu wachikasu umene wafala padziko lonse unachokera ku Lion's Cove, kumpoto kwa Nkhata Bay. Ndi yofatsa poyerekeza ndi zinzake, ndipo imagwirizana ndi Iodotropheus sprengerae, yofiirira ngati dzimbiri, ya ku zilumba za Boadzulu, Chinyankwazi ndi Chinyamwezi. Njira ina, imene ife timaikonda koposa, ndi kuweta Chindongo saulosi m'malo mwa yachikasu ija. Zamphongo zake ndi zabuluu za mizere yakuda pamene zazikazi ndi zachikasu, moti mlendo amayesa kuti muli mitundu iwiri. Kwawo ndi pamatanthwe a Taiwanee Reef pafupi ndi chilumba cha Chizumulu, ndipo katswiri wa nsombazi Ad Konings poitcha dzina mu 1990 ankalemekeza Saulos Mwale, Mmalawi amene ankamira m'madzi kugwira nsombazi. Kumatanthweko inachepa kwambiri chifukwa chogwidwa mopitirira muyezo, choncho gulani zobadwira m'thanki. Musaiphatikize ndi caeruleus, chifukwa mbuna zofanana maonekedwe zimamenyana ndipo nthawi zina zimaswana mosakaniza.

Pa yamphongo imodzi pakhale zazikazi zitatu kapena zinayi, apo ayi yaikazi imodzi idzathamangitsidwa mpaka kufa. Pewani Melanochromis auratus ngakhale ikongole bwanji m'sitolo, chifukwa ikakula imatha anzake onse m'thanki ya muyezo wanu. Chambo ndi kampango zisiyireni m'mbale, zimakula kuposa malo amene muli nawo. Gulani zazing'ono za masentimita 4 kapena 5 kuti zikulire limodzi, ndipo muziika m'magulu: mtundu woyamba tsiku limene goldfish zikuchoka, wachiwiri patapita masabata awiri, mutasuntha miyala ingapo ndi kuzimitsa nyale kuti eni malo asokonezeke. Nsomba imodzi yobwera yokha onse amaiunjirira.

Kogula kukhale kwa oweta kapena ogulitsa amene ali ndi chilolezo cha nthambi ya boma yoona za usodzi. Ku Senga Bay m'boma la Salima ndi kumene malemu Stuart Grant anakhazikitsa ntchito yotumiza nsombazi kunja, ndipo kuderali mungafunse za oweta ovomerezeka. Musagule za m'mabotolo kugombe, ndipo dziwani kuti m'madzi a Lake Malawi National Park, mpaka mamita 100 kuchokera kugombe, kugwira nsomba n'koletsedwa. Tsiku lina mukadzatopa nazo musadzazibwezere m'nyanja poganiza kuti ndi kwawo. M'zaka za m'ma 1960 wogulitsa wina anataya pachilumba cha Thumbi mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja, ndipo ofufuza anadzapeza kuti zinaswana ndi za pamalopo.

Pa chakudya pali msampha umene umapha mbuna zambiri. M'nyanja zambiri mwa izo zimakhalira kupala ndere pamiyala, ndipo matumbo ake ndi aatali, oyenera zamasamba. Zikamadya zanyama zambiri, makamaka zikakhalanso m'madzi akuda, zimatupa mimba ndi kufa, matenda amene kunja anawatcha dzina la dziko lathu, Malawi bloat. Gulani chakudya chokhala ndi ndere yotchedwa spirulina, muzipatsa kawiri patsiku chochepa choti zimalize m'mphindi imodzi, ndipo nthawi zina muziikamo nsawawa zophika zosenda kapena kachidutswa ka nkhaka. Ana muwauze kuti nsima, buledi ndi zotsala za usipa zisalowemo. Ndere ya pamiyala musamaipale, pukutani galasi lakutsogolo lokha.

Za kuzima kwa magetsi sitingazilumphe. Thanki yodzaza mbuna imatha mpweya msanga, ndipo tizilombo ta m'sefa timayamba kufa madzi akasiya kuyenda kwa maola angapo. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kagulidwe nsomba zisanabwere. Magetsi akazima musazipatse chakudya, ndipo m'nyengo yozizira fundikani thankiyo bulangete. Kuchokera pamenepo ntchito ndi yochepa: Loweruka lililonse chotsani malita 60 ndi payipi, mukukoka zonyansa za pamchenga, n'kubwezeramo ena. Ndi ntchito ya theka la ola. Mwana mmodzi mumupatse udindo wa chakudya, wina woyang'ana kutentha kwa madzi, ndipo posankha miyala ndi kayalidwe kake mayi akhalepo n'kunenapo maganizo awo, popeza pabalazapo ndi pawonso.

FUNSO

Ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndili ndi thanki ya malita 100. Mwezi watha ndinafuna kuyambiranso, ndiye ndinatsuka zonse ndi sopo, ndinagula sefa yatsopano, n'kuikamo nsomba 12 tsiku lotsatira. Pasanathe sabata zinayamba kupumira pamwamba pa madzi ndipo 8 zafa. Madzi akuoneka oyera bwinobwino. Ndinalakwitsa pati?

Mayi wa ku Rosettenville, Johannesburg

YANKHO

Pepani mayi chifukwa cha nsomba zanuzo. Chimene chazipha ndi ukhondo umene munachitawo. Nsomba zimatulutsa poizoni wotchedwa ammonia, ndipo zakudya zotsala zikamaola zimatulutsanso yemweyo. M'thanki yokhazikika muli mabakiteriya a magulu awiri okhala m'sefa ndi pamiyala: oyamba amasandutsa ammonia kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya, ndipo achiwiri amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwenikweni ndipo amachoka tikamasintha madzi. Mabakiteriyawa amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke m'sefa yatsopano. Inu munawachotsa onse tsiku limodzi n'kuikamo nsomba 12, choncho poizoniyo analibe womusukulutsa. Mankhwala onsewa alibe mtundu, n'chifukwa chake madzi akuoneka oyera. Sopo nayenso ngoopsa, chifukwa ngakhale wotsalira pang'ono amaononga ziwalo zopumira za nsomba.

Palinso nkhani ya madzi a pampopi. Kumudzi kuno ambiri timatunga madzi n'kuwasiya m'ndowa usiku wonse kuti klorini auluke, koma ku Johannesburg madzi amathiridwanso mankhwala ena otchedwa chloramine, amene sauluka mwa njira imeneyo. Kumeneko mufunika mankhwala ochotsa zonse ziwiri, amene amapezeka m'masitolo a ziweto.

Kuti zinayi zotsalazo zipulumuke, muzisintha malita 30 tsiku lililonse ndi madzi othira mankhwalawo, muzizipatsa chakudya chochepa kamodzi pa masiku awiri, ndipo ngati muli ndi mnzanu amene thanki yake yakhala nthawi yaitali popanda matenda, mupempheni siponji yakuda ya m'sefa yake, muinyamule ili yonyowa n'kuiika m'sefa yanu. Gulani zoyezera ammonia ndi nitrite, ndipo musaonjezere nsomba ina mpaka zonse ziwiri zitaonetsa 0 kwa sabata yathunthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masabata amenewa palibe njira yowadumphira. Dziwaninso kuti malita 100 ndi ochepa kwa mbuna, choncho malangizo amene tapatsa bambo a ku Lilongwe pa mitundu ya nsomba si a thanki yanu. Kwa inu tinsomba tating'ono monga guppy ndi platy ndi timene tingakhale bwino, titatu kapena tinayi pa nthawi imodzi.

FUNSO

Mbuna yanga yaikazi yasiya kudya kwa masiku 6. Kukhosi kwake kwatupa ndipo imangobisala kuseri kwa mwala. Kodi ndi matenda otupa aja?

Mnyamata wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO

Achimwene, yang'anani pamene patupapo. Ngati ndi mimba, ndipo nsombayo ikutulutsa ndowe zoyera zonga ulusi, amenewo ndi matenda ndipo muipatule msanga. Koma ngati ndi pansi pa kukamwa, ndipo imaoneka ngati ikutafuna kanthu koma osatsegula pakamwa, ndiye kuti yafungatira mazira. Mbuna yaikazi ikaikira mazira imawatola nthawi yomweyo n'kuwasunga m'kamwa. Yamphongo ili ndi timadontho tachikasu tonga mazira pachipsepse cha kumunsi, ndipo yaikazi ikamafuna kutola timadonthoto imatengera m'kamwa mbewu ya yamphongo. Chambo nachonso chimalera ana ake m'kamwa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma limatsekera usodzi wa makoka kuyambira mu Novembala.

Idzakhala pafupifupi masabata atatu osadya, ndipo idzaonda, koma zimenezo zisakudetseni nkhawa. Musaithamangitse ndi kaukonde m'masiku oyambirirawa, chifukwa ikachita mantha imalavula mazira kapena kuwameza. Ngati mukufuna kuti ana ambiri apulumuke, sabata yachiwiri ikatha muisamutsire mofatsa m'kathanki kena kokhala ndi madzi a m'thanki yaikulu ndi mwala umodzi wobisalapo. Ikalavula ana, amene kawirikawiri amakhala pakati pa 10 ndi 30, muisiye payokha masiku angapo idye ndi kubwezeretsa thupi isanabwerere kwa yamphongo, ndipo anawo muziwapatsa chakudya chomwecho mutachifikisa ndi zala mpaka chikhale ngati ufa. Ngati mulibe kathanki kena, unjikani timiyala ting'onoting'ono pakona imodzi, tosiya mipata yoti nsomba yaikulu singalowetse mutu, ndipo awiri kapena atatu mwa anawo adzakulira m'menemo.